Mutu 9: Mlendo Wosagona ku Katete

Basi yonyamuka mbandakucha pa Intercity ku Lusaka imafika pa Katete Stores dzuwa litapendeka. Imakhala itadya makilomita pafupifupi 500 a msewu wa Great East, itatsika ndi kukwera mapiri a ku Luangwa, itadutsa Nyimba, Petauke ndi Sinda. Isanaime n'komwe, amayi ndi anyamata amakhala ataizinga kale, mabeseni ali m'mwamba kulunjika kumawindo: nthochi, mazira owiritsa, mbatata yootcha, mtedza wokazinga umene kuno timati nsawa. Anyamata a njinga nawo amalimbirana aliyense wotsika ndi chikwama. "Tiyeni amayi, ku St Francis kapena ku Boma?" Pakatha mphindi khumi kondakitala amamenya chitseko, basi n'kupitiriza ulendo wa ku Chipata.

M'basi yotereyi simulephera kukhala mlendo mmodzi kapena awiri ochokera kutsidya la nyanja. Iwowa akupita ku Mfuwe kukaona njovu ndi anyalugwe. Satsika. Amatulutsa dzanja pawindo, n'kugula nthochi za K10, ndipo pa ndalama zonse zimene adzawononge m'dziko la Zambia, gawo la Katete ndi lomwelo. Anzawo a matumba olemera sadutsa n'komwe pansi pano. Amakwera ndege ku Lusaka n'kukatera ku Mfuwe patangotha ola limodzi ndi mphindi zochepa, Katete ali kunsi kwa mitambo.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ankatero potilangiza kuti timusamale pakanthawi kochepa kamene ali nafe. Koma kwa munthu wofuna kudyera pa alendo, mwambi womwewu ndi dandaulo. Ndalama ya mlendo imatsala pamene iye wagona. Akagona amadya mgonero, amafuna madzi osamba, kukacha amafuna kadzutsa, womuperekeza, ndi kanthu kokaonetsa kwawo. Wongodutsa amasiya fumbi. Maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi ali ndi anthu pafupifupi theka la miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022, awiri oyambawo ali pa umodzi mwa misewu ikuluikulu ya dziko, ndiponso derali ndi kwawo kwa mwambo wodziwika m'maiko atatu. Nanga n'chifukwa chiyani mlendo sagonako?

Akatswiri amakamba za ntchito zokopa alendo zokhalitsa. Mawuwa ndi aatali, koma nkhani yake ndi ya mtengo wa mango wa pakhomo. Mutha kugulitsa zipatso chaka ndi chaka ana n'kumaphunzira, mutha kuudula n'kuotcha makala a tsiku limodzi, muthanso kungoona anthu odutsa akuthyola inu eni ake muli manja lende. Zokhalitsa ndi njira yoyambayo. Ziwiri zinazo ndiye zofala m'maiko osauka, ndipo Katete amazidziwa zonse.

Sabata imodzi ya ku Mkaika

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, Katete sakhalanso malo odutsa. Misewu yonse imaloza ku Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene mafumu a Achewa oposa 200 ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzalamba. Kulamba ndiko kugwada pamaso pa mfumu yaikulu, kupereka mphatso, ndi kufotokoza mmene anthu akukhalira m'dera lako. Mbiri imene imakambidwa pamwambowu imati atsamunda anauletsa m'chaka cha 1934, ndipo unakhala zii kwa zaka 50 mpaka Kalonga Gawa Undi X Chivunga anaudzutsa mu 1984. Amene ali pampando lero, Kalonga Gawa Undi XI Mkhomo V, analongedwa mu 2004. Mu 2007 apulezidenti atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pabwalo limodzi pa Mkaika, iwonso ngati alendo a mfumu.

Amene sanapiteko n'kovuta kumufotokozera. Malole odzaza anthu amayamba kufika Lolemba kapena Lachiwiri, ochokera ku Kasungu, Dedza, Mchinji, Angónia, Chifunde, ena a dera lomwelino kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Kathumba, ndi kwa Pembamoyo ku Vubwi. Gulu lililonse limamanga misasa yake ya udzu, kusonkha moto wake, ng'oma zake n'kumalira usiku wonse. Tsikulo likakwana mfumu imatuluka, khamu lonse n'kufuula kuti "Yoo Gawa!" Anamwali amatuluka ndi anamkungwi awo. Kenako zilombo: Makanja akuyenda pamwamba pa mitu ya anthu, Gologolo ali pansonga ya mlongoti, Kasiyamaliro akuzungulira fumbi lili koboo. Bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chimodzi mwa chuma cha mtundu wonse wa anthu, ndipo mu 2008 linamulemba m'kaundula wake m'dzina la maiko atatuwa pamodzi. Ndi maboma angati mu Africa amene angaloze chinthu chotere pakhomo pawo?

Sabata imeneyo ndalama imayenda. Zipinda zogona zimatha mu Katete monse, ena amakagona ku Sinda, ku Chipata, ngakhale ku Petauke. Mtengo wa chipinda umakwera kawiri kapena katatu ndipo palibe wodandaula. Mbuzi, nkhuku ndi nkhumba zimaphedwa. Wa njinga yamoto amapeza pa masiku anayi zimene sapeza pamwezi.

Koma amene akufuna kumvetsa nkhani ya mutu uno apite ku Mkaika Lachiwiri lotsatira. Ine ndinapitako chaka china. Misasa inali gwaa yopanda anthu, ina itagwa, mphepo ya Ogasiti ikuulutsa mapepala a pulasitiki mpaka m'minda. Ana ankatola mabotolo. Ndinapeza amayi ena a mudzi wapafupi akutsuka mapoto aakulu amene anabwereka kuti aphikire alendo nsima.

"Zayenda bwanji malonda, amayi?"

"Zayendako, bambo. Koma eni ndalama apita nazo."

Ankanena amalonda a ku Lusaka, ku Chipata ndi ku Lilongwe, amene amabwera ndi malole a zitenje, salaula, mowa wa m'mabotolo, mapoto ndi mafoni, n'kutenga malo abwino a m'mbali mwa njira. Munthu wa pamudzi alibe mpamba wopikisana nawo. Iye amagulitsa nkhuni, udzu, madzi, thobwa ndi nsima, zinthu za phindu laling'ono, ndipo akachoka alendo ndiye amatsala ndi zinyalala, zitsime zophwa ndi tchire lometedwa. Sindikunena kuti amalonda akunja aletsedwe, Kulamba ndi kwa Achewa onse ndi abwenzi awo. Ndikungoti tikamawerenga khamu la anthu n'kumati Katete walemera, tizifunsanso kuti ndalamayo yagona kuti Lamlungu usiku.

Masamu a mwini loji

Tiyerekeze munthu wa ku Katete amene wapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo akufuna kumanga nyumba yogona alendo ya zipinda khumi. Sabata ya Kulamba idzadzaza. Nanga masabata 51 otsalawo? Adzadalira madalaivala a malole opita ku Chanida, pamalire a Mozambique, makilomita 55 kuchokera pa Katete. Ogwira ntchito zaboma ndi a mabungwe obwera kumisonkhano. Ndi abale a odwala a ku St Francis, amene ambiri ndalama yawo yathera kale pa ulendo. Zipinda zitatu kapena zinayi pausiku, mwezi ukakhala wabwino. Apa mpamene pagona vuto. Chipinda chimene chingakope mlendo wolipira bwino chimafuna ndalama zambiri, koma ndalamazo sizingabwerere ndi sabata imodzi pachaka. Tsono munthu amamanga chotchipa, mlendo wolipira bwino n'kupitirira kukagona ku Chipata, makilomita osakwana 100 kutsogolo. Alendo sabwera poti malo abwino ndi ochepa. Malo abwino samangidwa poti alendo sabwera.

Akapita kubanki amakumana ndi khoma lina. Chiwongoladzanja cha ngongole ku Zambia chakhala chikudutsa 20 peresenti kwa zaka zambiri, ndipo banki imafuna chikole. Malo ambiri m'maboma atatuwa ndi a mafumu, alibe mapepala a umwini amene banki ingalandire. Lamulo la malo la 1995 limalola kusandutsa malo a mfumu kukhala a lizi, mfumu ndi khonsolo zikavomera, koma njirayo ndi yaitali, ndiponso ili ndi msampha wake: malo akangosanduka a lizi, achoka m'manja mwa mudzi mpaka kalekale. Mafumu akamakayika kusaina, si nthawi zonse pamene amakhala akutsekereza chitukuko. Aona kwina mmene mlendo anabwera ndi mawu okoma, chaka chotsatira n'kuzinga waya pamene panali podyetsera ng'ombe.

Akamaliza kumanga, pali ziphaso: cha khonsolo, cha azaumoyo, cha ozimitsa moto, cha mowa, cha Zambia Tourism Agency pansi pa lamulo la 2015, kuwonjezapo msonkho wa 1.5 peresenti umene alendo akhala akulipira pa malo ogona kuyambira 2017. Hotela yaikulu ya ku Livingstone ili ndi kalaliki wa zimenezi. Mphunzitsi wopuma uja amayenda yekha, mwina mpaka ku Chipata, kusiya loji m'manja mwa mphwake.

Ndiye pali magetsi ndi madzi. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, chinaphwetsa nyanja ya Kariba mpaka magetsi ankazima maola oposa 20 patsiku m'madera ambiri. Wopanda sola kapena jenereta anataya nyama m'firiji, pampu ya pachitsime inaima, mlendo anapatsidwa ndowa ndi kandulo. Zaka zinayi m'mbuyo mwake kunali Covid-19: alendo olowa m'dziko anatsika kuchoka pa oposa 1.2 miliyoni mu 2019 kufika pa theka la miliyoni mu 2020, ndipo Kulamba sikunachitike mu 2020 ndi 2021. Amene moyo wa bizinesi yake unali sabata imodzi ija anakhala zaka ziwiri osakolola.

Chitsanzo chakuti zinthu zingatheke chilipo, chaching'ono. Pafupi ndi chipatala cha St Francis, chimene chinayamba mu 1948 ndipo chimayendetsedwa ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika pamodzi, pali Tikondane Community Centre. Kumeneko kuli zipinda za alendo, ndipo ndalama zake zimathandiza sukulu ndi maphunziro a anthu a m'midzi yozungulira. Alendo ake ambiri ndi ophunzira udokotala ndi odzipereka ochokera kunja, anthu okhala masabata, osati mphindi khumi. Amagula pamsika, amakwera njinga, amakwera phiri la Mphangwe, amaphunzira kupereka moni. Palibe amene analemera nazo, koma ndalamayo imazungulira pomwepo.

Kumene phula limathera

Msewu wa Great East unakonzedwa bwino kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami m'zaka za m'ma 2010, ndi thandizo la European Union ndi mabanki a chitukuko. Mu Disembala 2022 chipata cha Mwami ndi Mchinji chinasanduka choima kamodzi. Zonsezi n'zabwino, koma msewu wosalala uli ndi mbali ziwiri: umabweretsa mlendo msanga, n'kumuchotsanso msanga. Kale galimoto inkafika pa Katete itatopa, anthu n'kugona. Lero dalaivala amayang'ana wotchi n'kuti tikagona ku Chipata.

Mukapatuka pa phulalo nkhani imasintha. Kuchokera ku Katete kuli njira yodzera ku Msoro yotsikira kuchigwa cha Luangwa. Ikanakhala yodalirika chaka chonse, Katete akanakhala khomo la South Luangwa kwa aliyense wochokera ku Lusaka pagalimoto. Koma ndi yafumbi, ndipo dzinja likafika mitsinje ndiyo imalamula. Choncho alendo amazungulira ku Chipata, kumene kuli phula mpaka ku Mfuwe.

Vubwi ndiye mwana wa kumapeto kwa mphasa. Boma limeneli linadulidwa kuchoka ku Chadiza mu 2012, chaka chomwe Sinda anadulidwa kuchoka ku Katete ndi Petauke, nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Lili pakona pamene Zambia, Malawi ndi Mozambique zimakumana, dziko la mapiri ndi miyala ikuluikulu lokongola kwabasi. Misewu yake inalowa m'malonjezo a Link Zambia 8000, pulogalamu imene inayamba chaka chomwecho, koma anthu anadikira phula zaka zambirimbiri, ndipo dziko litalephera kubweza ngongole zake mu Novembala 2020 ntchito zambiri za misewu zinaima. Mlendo amene Vubwi wamudziwa bwino ndi wogula golide, fodya ndi soya. Ameneyo sasamala za kukongola kwa phiri, ndipo maenje a okumba golide saonetsedwa kwa alendo. Sinda naye ali ndi mishoni yakale ya Nyanje, imene amishonale a Dutch Reformed anatsegula mu 1905, ndi sukulu ya Chassa imene yaphunzitsa anthu ambiri odziwika. Koma pamsewu palibe chouza wodutsa kuti akhotere.

Tisadzinamize kuti ku Mfuwe zonse zili bwino. Paki ya South Luangwa, ya makilomita 9,050 m'bwalo lake, inakhazikitsidwa mu 1972, koma maganizo akuti anthu a m'dera adyerepo ndi akale: mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule malo a nyama, ndalama za alendo zizipita kwa eni dera. Lero mlendo wa kumeneko nthawi zambiri amalipira ulendo wonse ali kwawo, m'madola, kwa kampani ya ku London kapena ku Johannesburg. Ndege, inshuwalansi, vinyo ndi zitsulo za galimoto zimadya gawo lalikulu ndalamayo isanaponde m'chigwa. Zotsala ndi malipiro a antchito, msonkho wa paki ndi ndiwo zamasamba. Si zochepa, mabanja ambiri akudya pomwepo. Koma Katete akamasirira Mfuwe adziwe chimene akusirira.

Zolemba za pamwala

Chuma china cha dera lino anthu ake ambiri sanachionepo. Kummwera kwa Katete, kulowera kumalire a Mozambique, kuli phanga la Makwe. Katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumbamo m'zaka za m'ma 1960 napeza zida zamwala zambirimbiri, zina za zaka pafupifupi 6,000, kotero kuti akatswiri anatcha kapangidwe ka zida zoterezi dzina la Makwe. Anakumbanso ku Thandwe, ndiponso ku Kalemba ku Chadiza kumene anthu ankakhala zaka zoposa 30,000 zapitazo, ndipo buku lake la mbiri yakale ya kummawa kwa Zambia linatuluka mu 1976. Makwe ndi Mkoma, phanga lina la zithunzi m'dera la Katete, ali pamndandanda wa zipilala za dziko zimene National Heritage Conservation Commission imayang'anira.

Zithunzi za m'mapangawa n'zamitundu iwiri. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri, za Akafula aja agogo ankati Amwandionerapati. Zoyera, zopakidwa ndi chala, ndi za makolo a Achewa, ndipo akatswiri amazilumikiza ndi chinamwali ndi nyau. Kunena kwina, zimene zimavinidwa pa Mkaika zinalembedwa kale pamwala, pamtunda wa maola ochepa kuchokera pabwalo.

Zithunzi za mtundu womwewu zili ku Chongoni, ku Dedza m'Malawi, kumene malo 127 analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Malire a atsamunda anadula pakati chinthu chimodzi. Mbali ina inatchuka, ina inatsala m'tchire. Yesani kufunsa pa Katete Stores njira ya ku Makwe. Wa njinga woyamba adzakuyang'anani ngati mwatchula mudzi wa ku Congo. Mukapeza wodziwa, mudzayenda njira ya ngolo, kufunsa pamudzi uliwonse, ndipo mukafika mudzakhala nokha ndi abusa a ng'ombe. Phanga lopanda mlonda limakumana ndi zambiri: utsi wa moto wa osaka mbewa, maina a ana a sukulu olembedwa ndi makala pamwamba pa chithunzi cha zaka mazanamazana, mitengo ya mthunzi yodulidwa n'kusiya mwala padzuwa ndi mvula. Mwana wolemba dzina lakeyo sindimuimba mlandu kwambiri. Palibe anamuuza kuti chimene akudetsacho ndi cha agogo ake, ndipo kwawo sikunalowepo ngakhale ngwee imodzi chifukwa cha mwalawo. Munthu sasunga chimene sakudyerapo kapena kuchinyadira.

Pano pali mfundo imene okonda chitukuko chachangu amaiwala. Kutsegula msewu wopita kuphanga musanaike woyang'anira ndiko kulipha msanga. Zala za alendo, madzi amene ena amawaza kuti chithunzi chioneke bwino pa kamera, zonsezi zimafufuta m'zaka khumi chimene chinapirira zaka chikwi. Choyamba ndi mlonda wa pamudzi pomwepo, wolipidwa, wodziwa kufotokoza. Chikwangwani chibwere pambuyo.

Kodi gule ndi malonda?

Funso lovuta kwambiri ndi ili, ndipo silingayankhidwe ku Lusaka. Chimene mlendo amafuna kuona ku Katete koposa zonse ndi Gule Wamkulu. Koma gule si sewero. Amatuluka pamaliro, pa mpalo ndi ziliza, pa chinamwali, polonga mfumu. Ali ndi mzinda wake, dambwe lake, malamulo ake, ndi zinsinsi zimene wosameta sayenera kuzidziwa, ndipo buku lino silizitchula. Mlendo amafika ndi kamera ndi mafunso ake. Ndinamvapo wina akufunsa womuperekeza, mokweza, pamaso pa amayi ndi ana, kuti m'kati mwa chilombocho muli ndani. Mnyamatayo anangoyang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Bwana, chimenecho ndi chilombo, chachokera kumanda." Anayankha bwino. Koma mnyamata wina, wanjala, atalonjezedwa madola makumi awiri, adzayankha chimodzimodzi?

Kampani ya alendo imafuna gule wa Lachitatu 3 koloko masana, wa mphindi 40, chifukwa basi ikudikira. Mukavomera, mwapeza ndalama, koma mwayamba kusandutsa mizimu kukhala antchito a ganyu. Zilombo zimene zili ndi mwambi wozama koma sizidumpha zidzasiyidwa, kutsale zokhazo zochititsa kaso pa kamera. Nyimbo zidzafupikitsidwa. Pakapita mbadwo umodzi, ana adzadziwa gule wa alendo yekha. Zoterezi zachitikira magule a mitundu ina m'maiko ambiri, kumene mwambo unasanduka chionetsero cha pakhomo la hotela. Mukakana, mwambo watetezeka, koma anyamata amene amausunga akupita ku Lusaka kukagulitsa matokitaimu, ndipo ng'oma ikusowa woimba. Njira zonse ziwiri zili ndi maliro ake.

Kusupa gule si chinthu chachilendo. Kuyambira kale woonera amaponya kanthu pabwalo. Chachilendo n'chakuti wina wakunja aike mtengo, asankhe tsiku, atenge gawo lalikulu, ajambule n'kukagulitsa zithunzi kumene eni ake sadzaziona. Kusiyana kwa ziwirizi ndi mwini chiganizo. Dzina la UNESCO silibwera ndi malipiro a mwezi kwa wosema zigoba kapena wokunga ng'oma, ndiponso siliuza mfumu ya mzinda zoyenera kuonetsa. Zimenezo ndi za Gawa Undi, mafumu ake ndi akuluakulu a kudambwe. Ubwino wake ngwakuti ufumu umenewu uli ndi mawu omveka m'maiko atatu, ndipo unaonetsa kale kuti utha kuika malire: pa Kulamba zovala za zipani sizilowa, ndipo mfumu yakhala ikulamula kuti miyambo isatsekereze ana sukulu.

Njira yapakati inayesedwa ku Mua, ku Dedza. Kumeneko Bambo Claude Boucher, amene Achewa anawatcha Achisale, anayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo nyumba yake ya Chamare imasunga zigoba za gule mazana angapo pamodzi ndi matanthauzo ake. Mlendo amafika tsiku lililonse la chaka, amalipira pakhomo, amafotokozeredwa, amagula zosema, amagona. Alipo Achewa amene amaona kuti ku Mua kunaonetsedwa zambiri kuposa zoyenera, ndipo mawu awo ngofunika kuwamva. Komabe mfundo yatsala: munthu wofuna kuphunzira za gule mwezi wa Malichi amapita ku Mua, osati ku likulu la Kalonga. Nyumba zosungira mbiri za dziko la Zambia zili ku Livingstone, Lusaka, Ndola, Mbala ndi Choma. Chigawo cha Kummawa sichili pamndandandawo.

Mlendo amene tikumuiwala

Tikamati mlendo wodzaona malo, m'maso mwathu mumabwera mzungu wa kabudula. Boma nalo linachotsa ziphaso za viza kwa maiko ambiri olemera mu 2022 pofuna yemweyo. Koma ambiri olowa m'dziko la Zambia ndi a mu Africa momwemuno, ndipo khamu la pa Mkaika ndi la Achewa okhaokha ndi anansi awo: mphunzitsi wa ku Lilongwe, wamalonda wa ku Tete, mwana wa ku Matero kapena ku Kitwe amene akufuna kuti ana ake aone kwawo kwa agogo. Ngakhale Abemba, asuweni athu a chimbuya, amabwera kudzatiseka za mbewa n'kudya nawo. Anthu amenewa safuna dziwe losambiramo. Amafuna chimbudzi chaukhondo, madzi, chipinda chotseka bwino, nsima ya nkhuku ya kumudzi, ndi munthu wodziwa kuwafotokozera chimene akuona. Zimenezi Katete angazikwanitse osadikira ndalama za kunja. Mliri ukabwera kapena ndege zikaima, amenewa ndiwo amayamba kubwerera.

Kalendala nayo ilipo kale. Nc'wala ya Angoni imachitika ku Mtenguleni, pamsewu womwewu, kumapeto kwa Febuluwale. Kulamba mu Ogasiti. Tuwimba ya Ansenga ku Petauke mu Okutobala. Sukulu za m'chigawo chino zili ndi ana zikwizikwi amene amaloweza za Victoria Falls koma sanamvepo za Makwe.

Ndalama yoyambira si yosowa ngati kale. Thumba la chitukuko la dera la phungu aliyense, CDF, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi, dera lililonse limalandira yake. Zoona, pali makalasi, zipatala ndi milatho zimene zikudikira ndalama yomweyo, ndipo mayi amene mwana wake amaphunzira pansi pa mtengo sangamve za phanga. Koma mijigo ndi zimbudzi zokhalitsa pa Mkaika zingatumikire mudzi chaka chonse, ndipo kuphunzitsa achinyamata khumi a pafupi ndi Makwe ndi Mkoma kulondera ndi kufotokoza sikungafike mtengo wa kalasi imodzi. Zofuna za CDF zimayambira kukomiti ya chitukuko ya wadi, kumene munthu wamba amaloledwa kulankhula. Inu a kwa Kawaza, a kwa Mbang'ombe, a kwa Kathumba, a kwa Nyanje ndi a kwa Pembamoyo, komiti ya wadi yanu ikadzakhala pansi, pakapezeke wina wotchula phanga lija.